Ndinakapempha Viza Yokasunga Chikuta

Mwana wanga Tadala anandiimbira foni ndili ku nazale ya fodya, kheni yothiririra ili m'manja, kundiuza kuti ndi woyembekezera ndipo achira mu Januwale. Tadala ndi mwana wanga mmodzi yekha wamkazi. Ndi namwino, ndipo iye ndi mwamuna wake amakhala kutsidya kwa nyanja, dziko lozizira limene sinditchula dzina chifukwa mpaka lero limandinyansa. Inali mimba yoyamba. Kuno kwathu mtsikana akachira koyamba, mayi wake ndiye amasunga chikuta: amamuphikira phala, amamuthowa ndi madzi otentha, amasambitsa khanda, mpaka mchombo utagwa, n'kukaukwirira pamalo podziwa iye yekha. Amayi anga anandichitira zimenezi, ndipo asanamwalire anandilozera pamene anaika mchombo wa Tadala. Tsono ndinangomuuza kuti ndikubwera, ngati kuti kumeneko ndi ku Mchinji.

Anaseka pafonipo, nati kumeneko sapita ngati kumaliro, pafunika viza. Pasipoti ndinali nayo, anandipangitsa yekha zaka ziwiri m'mbuyomo, inkangogona m'sutukesi pamodzi ndi kalata ya ubatizo. Viza ndiye chilolezo cha eni dziko, ndipo amakachipempha ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe. Anati viza ya agogo kulibe, ya chikuta kulibe, imene ingandiyenere ndi ya anthu okaona malo. Anandilangiza kuti akakandifunsa ndikangoti ndikukacheza ndi kuona malo, basi, ndisakawonjezere. Chifukwa chake sananene, ndipo ine sindinafunse. Mwana amene ndinamuphunzitsa kuyankhula ndine, ndinaona kuti sangandiphunzitse kuyankha mafunso.

Fomu ndinakadzazitsa pa boma ku Kasungu, m'kasitolo ka makompyuta. Mwini sitolo ankawerenga mafunso, ine n'kumayankha. Amene analemba fomuyo sindiwadziwa, koma nzeru zawo n'zoperewera. Ankafuna kudziwa ngati ndinaphapo munthu, ngati ndimadziwa kupanga mabomba, ngati ndinagulitsapo anthu. Ndinafunsa mwini sitoloyo ngati alipo amene amavomera. Kenako chithunzi. Anati ndivule duku, makutu aoneke, ndisamwetulire. Ine mayi wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu, woyambitsa nyimbo kumpingo, ndinatuluka pachithunzipo ngati munthu amene amugwira ndi nkhuku yakuba. Ndalama yolipira anatumiza Tadala, ndipo anatiuziratu kuti imeneyo siibwerera, akupatse asakupatse.

Tsiku lokaonekera linagwa mu Novembala, sabata yomwe tinalandira makuponi a feteleza. Kudepoti kunalibe kanthu, anthu ankangokhala pamzere kudikira lole, choncho kuponi yanga inali ikadali m'manja. Nazale ndinasiyira mng'ono wanga kuti azithirira. M'jumbo ndinaikamo pasipoti, kalata ya Tadala, kalata ya abusa, mapepala a ku okushoni ya fodya ndi kuponiyo, poti anati eni dzikowo amafuna umboni woti munthu adzabwerera kwawo.

Ondiperekeza sindinapemphe, anadzisankha okha: alongo anga a Lufeyo. Awa anagwirapo ntchito yoperekera zakudya ku Lifupa, kumene azungu amabwera kudzaona njovu ndi mvuu, ndipo kuchokera pamenepo mzungu aliyense wa padziko lapansi amamudziwa ndi iwo. Ntchitoyo anasiya kalekale, fodya amalima wokwana belo limodzi, koma tayi sanasiye. Anati popanda iwo ndikachititsa manyazi mbumba yonse.

Tinanyamuka kukucha, tsiku lathunthu lisanafike loitanidwalo, pa njinga ziwiri za kabaza mpaka pa Santhe. Chinali chaka chija mafuta ankasowa. Pa Santhe panali kagalimoto kamodzi ka matola kopita ku Chinkhoma, ndipo mwini wake anali atakweza mtengo kawiri, ati petulo anagula wa m'zigubu. Tinakwera kumbuyo dzuwa lisanatenthe. Linatentha tili pomwepo. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono kuti anthu athamange, n'kuzimitsanso. Anachita zimenezi kanayi. A Lufeyo anamuuza kuti ife tikuthamangira kwa kazembe, iye anawayang'ana tayiyo, nati akazembewo atumize galimoto.

Pambali panga panakhala mayi wina wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti, akusamuka ndi banja lake kuchoka pa esiteti ina kupita pa ina. Katundu wawo yense anali mphasa, ndowa ndi kathumba kamodzi. Anali ndi khanda la miyezi iwiri. Ndinamufunsa amene anamusungira chikuta. Anati palibe, amayi ake ali kumudzi ndipo ya basi inasowa. Mchombo anakwirira yekha kuseri kwa chigafa cha bwana, ndiye tsopano akuchokako ndipo sadzabwererako. Anazinena mosadandaula, ngati akunena za mtengo wa mchere. Ndinamulandira mwanayo n'kumufungatira, ndipo mumtima ndinalumbira kuti wanga zimenezi sizimuchitikira.

Titangonyamuka, sukulu inayamba. A Lufeyo anati vuto langa n'loti ndimaoneka ngati munthu wa zochita. Munthu wokaona malo, iwo anati, sathamanga, sanyamula katundu pamutu, amayenda manja ali kumbuyo. Akaona mtengo amafunsa dzina lake. Akaona mvuu ikuyasamula amayasama nayenso. Anati ku Lifupa anaonapo mzungu atakhala tsiku lonse kuyang'ana mbalame imodzi, ndipo analipira kuti atero.

"Tsono amake Tadala, ine ndine kazembe. Mukukatani kwathu?"

"Kukaona mwana."

"Mwalephera kale. Nenani kuti milatho, nyumba zakale, mapiri a chipale."

Ndinawafunsa kuti nyumba yakale ili ndi chiyani choti munthu n'kukwerera ndege, poti yawo ndi yakale ndipo palibe amene amabwera kudzaiona. Anthu m'galimotomo anaseka. Iwo sanaseke, anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza: milatho, nyumba zakale, mapiri a chipale. Mayi wa ku Phalombe uja anatsika tisanafike pa Chinkhoma, mwana wake atandinyowetsa chitenje.

Pa Chinkhoma tinapeza minibasi yodzaza kale, koma kondakitala anati malo alipo. Malowo anali thabwa loika pakati pa mipando iwiri. Ine ndinakhala pathabwapo, a Lufeyo anawapinda pafupi ndi chitseko, mutu uli kudenga, matako ali panja. Titayandikira lodibuloko ya apolisi, kondakitala anatsitsa anthu anayi owonjezera kuti adutse wapansi, tikawadikire kutsogolo. Mmodzi wa anayiwo anali katswiri wathu wa azungu. Ndinawaona pazenera akuyenda m'mbali mwa msewu, manja ali kumbuyo, tayi ikuuluka, kunamizira kuti akungoyenda zawo. Atakweranso ndinawauza kuti tsopano ndamuona munthu wokaona malo.

Pamlatho wa Bua anandigwedeza kuti ndiyeserere, ndiyang'ane mlathowo ngati sindinauonepo. Ndinauyang'ana. Unali mlatho, pansi pake madzi ochepa, amayi akuchapa. Pa Madisi ndinagula nthochi kudzera pazenera, zinali zosapsa bwino.

Tinafika pa Mponela masana, ndipo minibasi inafera pomwepo. Dalaivala anaikankhitsa mpaka kumapeto kwa mzere wa magalimoto wodikira mafuta, mzere wautali kuposa msika wonse, pamalo pomwetsera pamene panalibe ngakhale dontho. Kondakitala anatenga chigubu, nati mphindi zisanu. Munthu ameneyo sindinamuonenso mpaka lero. Tinakhala pansi pa khonde la sitolo, dzuwa la Novembala likuphika malata. Tsidya lina la msewu kunali mzere wina, wa anthu a makuponi, atakhala pa njinga zawo ndi pa matumba opanda kanthu, kudikira feteleza. Mizere iwiri ikuyang'anizana, wina kudikira mafuta, wina kudikira feteleza woti abwere ndi mafutawo. Bambo wina wa jekete amene tinakwera naye ankafotokozera aliyense kuti vuto ndi ndalama zakunja. Ine vuto langa linali loti mawa lake eyiti koloko ndikhale pakhomo la kazembe, apo ayi tsikulo lapita ndi ndalama yomwe.

Apa mantha anandigwira zenizeni. Ndinayamba kuwerenga miyezi ya Tadala pazala. A Lufeyo anati ndisade nkhawa, mzungu amamvetsa nkhani ya mayendedwe. Ndinawauza kuti akapitiriza kuyankhula ndiwamanga nayo tayiyo pamtengo.

Dzuwa litapendeka panaima lole yopanda katundu, yopita ku Kanengo kukatenga feteleza yemwe uja. Ine ndi amene ndinakagwada kwa dalaivala, si a Lufeyo. Anatikweza kumbuyo pamodzi ndi anthu ena khumi. Pansi pa loleyo panali feteleza wotayika, ndipo itathamanga fumbi lake linatilowa m'maso ndi m'kamwa. Ndinalawa feteleza wa kuponi ndisanamugule. Mtengowanthenga, Lumbadzi, zonsezo ndinadutsa nditatsinzina, jumbo ili pachifuwa. Pa Lumbadzi a Lufeyo anandikoka kuti ndione ndege ikutera, ati yanga ndi yomweyo. Tinatsika ku Kanengo titayera ngati a kuchigayo, n'kukagona kwa achibale a mlamu wanga ku Kawale.

M'mawa ndinavala diresi langa la kumpingo ndi duku latsopano. Ofesiyo ili mkati mwa mpanda wautali, pamwamba pake waya. Kunja kulibe benchi, kulibe mthunzi. Anthu ophunzira, a masuti ndi a nsapato zogogoda, anali ataima m'mbali mwa khoma ngati ana a sukulu ochedwa. Kudepoti ya feteleza timatukwanako pamzere, apa aliyense anali phee, kuopa kuti khoma limva. Mlonda anandilanda foni, mtedza umene ndinakazinga, ngakhale singano ya m'duku. Kenako anati wolowa ndi mwini pasipoti yekha. A Lufeyo anayesa chingerezi chawo cha ku Lifupa, mlonda anawayankha m'Chichewa kuti akakhale pansi pa mtengo tsidya la msewu. Ulendo wonsewu, mtengo wokwera kawiriwu, anadzera kudzakhala pansi pa mtengo.

M'katimo munkazizira ngati mu Juni. Anatenga zidindo za zala zanga zonse khumi. Tinakhala pamipando kuyang'ana mazenera agalasi, ndipo woyankha aliyense ankamveka chipinda chonse. Tinamva za mnyamata wofuna sukulu, tinamva za abusa ena opita kumsonkhano, tinamva malipiro a munthu aliyense. Ena ankachoka akumwetulira, ambiri ankachoka akuyang'ana pansi.

Nambala yanga itaitanidwa ndinapeza kuseri kwa galasi kuli mzungu wamkazi, msinkhu wa Tadala, maso ali pa kompyuta. Pambali pake panaima womasulira, bambo wachikulire wa imvi, Mmalawi mnzathu. Mzunguyo moni sanandipatse bwino. Funso loyamba linali lomwe lija, ndipo ndinayankha monga anandiphunzitsira: kukacheza ndi kuona malo. Malo ati? Milatho, nyumba zakale, mapiri a chipale. Ndikukhala nthawi yaitali bwanji? Miyezi itatu. Apa mzunguyo anadzutsa mutu koyamba. Anafunsa ngati milathoyo ndi yambiri chotere. Kumbuyo kwanga wina anaseka chapansipansi.

Kenako anafunsa amene azikandidyetsa. Ndinati mwana wanga ndi mkamwini wanga. Anafunsanso kuti iwo akakhala kuntchito, ine tsiku lonse ndizikatani, miyezi itatu yonseyo.

Ine ndinamva kuti akundinena kuti ndine mlesi, nkhalamba yokadya thukuta la mkamwini. Kwathu munthu wamkulu sakhala pakhomo pa mwana wake miyezi itatu manja ali lende. Ngakhale wopita kukazonda matenda amagwirako tsache. Ine amene ndalera ana anayi ndi fodya wa manja angawa, amene sindinadyepo chaulere chibadwire, kamtsikana aka kandiyese wopemphetsa pamaso pa anthu a masuti? Milatho ndinaitaya pomwepo.

"Auzeni kuti ine sindikukakhala chabe. Mwana wanga akuchira mu Januwale. Ndikukamusungira chikuta. Ndizikaphika, ndizikachapa matewera, ndizikasesa, mwanayo ndizikabereka ine kuti mayi wake abwerere kuntchito msanga. Sakalemba wantchito ine ndilipo. Chakudya chawo sindikadya chaulere."

Womasulira uja sanamasulire msanga. Anandiyang'ana, anayang'ana mzunguyo, kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, zonsezi ndinene? Paja munati mukukacheza."

Lero ndimadziwa kuti bambo ameneyo ankandiponyera chingwe. Tsiku limenelo ndinaona ngati ndi mmodzi wa anthu a m'tauni amene amachita manyazi ndi mayi wa kumudzi.

"Nenani zonse, musasiyeko kanthu. Awa asandione ngati wopemphetsa."

Anapumira m'mwamba, n'kunena zonse. Mzunguyo analemba. Anafunsa kamodzi kokha, kuti atsimikize, ngati ndikutanthauza kuti ine ndizikalera mwana pamene mayi wake ali kuntchito. Ndinavomera mutu uli m'mwamba. Ndinatulutsanso kuponi ija n'kuilowetsa pansi pa galasi, ndinati aone, feteleza wanga sindinagule, fodya ali pa nazale, munthu wamisala yekha ndi amene angathawe zimenezi n'kukakhalira kozizira. Sanaiyang'ane n'komwe. Anaibweza pamodzi ndi pasipoti yanga ndi kapepala kamodzi.

Womasulira anati akuti pepani, viza yokaona malo siilola kugwira ntchito, ndipo kwawoko kulera mwana ndi ntchito imene anthu amalipidwa. Ndinafunsa kuti andilipira ndani, mdzukulu wangayo? Nambala ina inali itayaka kale pamwamba pa zenera, ndipo bambo wa suti anali ataima pambali panga kudikira kuti ndisunthe. Zonsezo, kuchokera pa moni mpaka pa pepani, sizinakwane nthawi yowiritsa madzi a tiyi.

Pansi pa mtengo paja a Lufeyo anawerenga kapepalako kawiri, milomo ikugwedezeka. Anafunsa ngati ndinatchula mapiri a chipale. Ndinati ndinatchula. Nditawafotokozera zotsalazo anagwira mutu, nati mzungu samuuza zoona zonse, zimenezi aliyense wa ku Lifupa amadziwa. Ndinawafunsa kuti nanga tsiku lonse ladzulo, pamatola, paminibasi, palole, bwanji sanandiuze chinthu chimodzi chokhacho m'malo mwa mvuu zoyasamula. Zinapezeka kuti nawonso sankadziwa.

Dziko lotani limene limakutsegulira chitseko ukati ukukayang'ana mlatho, n'kukutsekera ukati ukukachapa matewera a mdzukulu wako? Ndikanati ndine mlesi akanandidindira. Zimenezi ndinazinena mokweza pamsewupo, mlonda akumva. Koma kunyoza kwanga konseko sikunandithandize nditaimbira Tadala. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenako anati, "Amayi, ndinakuuzani kuti musawonjezere." Ndipo analira. Sanalire chotero chimwalirireni bambo ake. Pamenepo mkwiyo wonse unatembenukira kwa ine mwini, chifukwa mzungu uja anangofunsa, woyankha ndinali ine.

Pobwerera tinapeza basi yaikulu, ndipo pa Madisi mvula yoyamba inatipeza. Anthu m'basimo anayamba kukamba zowokera fodya. Pamlatho wa Bua a Lufeyo anayang'ana kumbali. Mwayi wopemphanso viza unalipo, koma tsiku lina lokaonekera linali kupezeka mwana atabadwa kale, ndipo zimene ndinanena zinali zitalembedwa m'kompyuta yawo.

Tadala anachira mu Januwale, mwana wamkazi, ine ndili m'munda kubandira fodya. Phala anamuphikira mwamuna wake, ine ndikumuuza pafoni muyezo wa madzi. Womuthowa analibe. Patapita sabata anandiimbira m'mawa, mawu ali otopa, nati mchombo wagwa, ndipo anzake a kuchipatala akuti zimenezo amangotaya m'bini.

"Amayi, nditaye?"

Ndinamuuza kuti aukulunge pakansalu koyera, asunge.

Mchombowo unafika kuno nthawi yosoka fodya. Bambo wina wa ku Dowa amene amapemphera ndi Tadala kumeneko anabwera kuno kumaliro, ndipo a Lufeyo anakakumana naye pa Mponela, atavala tayi. Anandipeza m'chigafa n'kundipatsa envelopu. Munali chithunzi cha khanda la masaya, ndi kansalu. Nditamasula ndinapeza kanthu kouma, kakuda, kochepa ngati kachidutswa ka mtsitsi wa fodya. Kanawoloka nyanja, kanadutsa mabwalo a ndege, kanadutsa Lumbadzi, ndipo palibe anakafunsa kuti kakudzaona chiyani kuno kapena kazidya chiyani.

Ndinasamba m'manja, ndinatenga khasu, ndinapita ndekha kuseri kwa nyumba, pamalo paja amayi anandilozera. Ndinakumba pambali pa mayi wake, ndinakwirira, ndinapondaponda kuti nkhuku zisafukule. Pa ntchito yonse ya chikuta, imeneyo yokha ndi imene ndinagwira.

Mwini mchombowo anamutcha dzina langa. Panopa akuthamanga kale, ndipo Lamulungu lililonse amandipatsa moni pafoni, m'chingerezi. Kumsana kwanga sanafikepo.